Thobwa la M'poto Watsopano

Anthu a ku Utale ali ndi luso limene sindinalionepo kwina kulikonse: amadziwa chimene chikukuvuta popanda kukufunsa. Akakuona ukutsimphina m'mawa, pofika masana mudzi wonse wagwirizana kale kuti unaponda chiyani, anakutchera ndani, ndipo unamulakwira chiyani. Iwe mwini mwendo ndiwe womaliza kumva. Ndakhala nawo zaka zambiri anthu amenewa, ndawaphikira pa maliro awo, ndiye ndikamawanyoza chonchi musaganize kuti ine ndikudzichotsamo. Pa nkhani imene ndikuti ndifotokozeyi, chitsiru chachikulu ndinali ine.

Ndine Myao wa ku Chiuta, ndipo ndine Msilamu. Ndinakula ndikuyanika matemba m'mbali mwa nyanja, ndipo komweko ndi kumene ndinadziwana ndi mwamuna wanga, Mkatolika wa ku Utale, amene ankabwera pa njinga kudzaoda nsomba. Kwathu mwamuna ndiye amadzakhala kwa mkazi, koma ine ndinamanga kamtolo kanga n'kumulondola kwawo. Abale anga anati ndadzitaya kwa makafiri. Abale ake anati mwana wawo wabweretsa Mchawa woti azidzanunkhiza mbale asanadye. Onsewo ankalankhula motsimikiza, ngati anali atandiona kale mu mtima.

Sindinachedwe kuzindikira kuti kumeneko mlendo amamuyesa ndi chakudya. Zoti sindidya nkhumba ndi mbewa ankazidziwa, ndipo ankazipirira monga mmene amapiririra munthu wachibwibwi. Chimene ankadikira n'chakuti aone china chimene ndikane. Ndiye ine ndinatsimikiza mtima kuti sindidzakananso kanthu kena, makamaka thobwa. Ku Utale thobwa ndiye moni weniweni. Ukadutsa pakhomo pa munthu amakutungira, ukapita kolima amakutungira, pa maliro ndiye limayenda m'ndowa. Ndamwapo losasa, lanyerere, la m'kapu imene yangochoka pakamwa pa nkhalamba yachifuwa, ndipo nthawi zonse ndinkagugudiza mpaka m'munsi n'kunena kuti latsekemera.

Amene ankandiyang'anitsitsa kwambiri anali alamu anga aakulu, mlongo woyamba wa mwamuna wanga. Mayi amenewa ndiwo anali mwini mawu pa minda ya mbumba yonse, komanso pa moto wa kumaliro: akanena kuti uje aphike ndiwo, uje atunge madzi, zinkatero. Tsiku lina ndili pomwepo anauza anzawo kuti, “Mchawa wathuyu alibe matama.” Kuyambira pamenepo, pakagwa zovuta m'mudzi, ankaitanitsa bambo wina wachisilamu wa kumsika kuti adzazinge mbuzi, n'cholinga choti nanenso ndidye nawo. Ndinanyadira kwambiri, ndipo ndimachita manyazi ndikakumbukira mmene ndinanyadirira kutchedwa Mchawa wa anthu.

Mwamuna wanga anadwala nthawi yaitali, anaonda, n'kumwalira. Ana anali atakula kale, wina ku Blantyre, wina ku Joni. Ndinatsala ndekha m'nyumba yomangidwa pa malo a azilamu anga, ndikulima munda wa azilamu anga. Titamaliza za maliro, alamu aakulu aja anandigwira dzanja n'kunena kuti, “Alamu, musaganize zopita kulikonse. Kwanu ndi kuno.” Ndinathokoza, koma ndinkadziwa kuti pakamwa pamene patuluka mawu amenewo pangathe kutulukanso ena. Mkazi wamasiye wochokera kutali amakhala pamudzi malinga ngati eni mudzi akumuonabe ngati mnzawo, ndipo ine ndinalibenso kwina kumene ndinkakuona ngati kwathu.

Chaka chachiwiri cha umasiye ndinayamba kumva ludzu losatha. Ndinkamwa madzi mpaka mimba kuuma gwa, kukhosi kuli gwaa. Kuthengo ndinkapita kangapo ntchito isanafike pakati. Nsalu inayamba kuzungulira kawiri m'chiuno, maso kuchita chidima, mapazi kuchita dzanzi. Ndinauza anthu kuti ndikukaoda nsomba, n'kukwera galimoto wa ku Balaka. Kuchipatala anandibaya chala, namwino anayang'ana kamakina kake, anandiyang'ananso ine, n'kuti, “Mayi, mwayenda nokha? Muli ndi matenda a shuga, ndipo wakwera kwambiri.”

Anatikhazika pabenchi, ife odwala shuga, kuti timve uphungu. Amene ankatilangiza anali bambo wonenepa bwino, wa malaya osita, atanyamula chithunzi cha mbale yokhala ndi maapozi, karoti ndi nyama yankhuku yopanda khungu. Sindikudziwa kuti mbale imeneyo anaijambula kumudzi kwa ndani. Anati tisiye shuga, tisiye thobwa, tisiye zakumwa za m'mabotolo, nsima ikhale ya mgaiwa ndiponso yochepa. Pomaliza anati, “Komanso muchepetse maganizo,” ngati maganizo ndi mchere woti ungapungule ndi zala. Pafupi nane panali nkhalamba ina ya ku Kalembo yosamva bwino Chichewa, ndiye ndinkaimasulira m'Chiyao chapansipansi. Inandituma kuti ndifunse ngati ingafunge, kusala kudya masana onse, pa Ramadhani. Mlangizi uja anati, “Zimenezo mukafunsane kumzikiti kwanu,” n'kupinda chithunzi chake. Nkhalambayo inati “sikomo,” ngati yayankhidwa.

Ndinabwerera kunyumba ndi mapilitsi ndi kabuku ka kuchipatala. Zonse ndinazikulunga m'pepala la pulasitiki n'kuzibisa pansi pa mphasa, ndipo sindinauze munthu.

Zifukwa ndinali nazo, ndipo nthawi imeneyo zinkaoneka zanzeru. Kwathu kuno munthu akaonda mwamuna wake atamwalira ataonda, n'kunena kuti “ndi shuga,” anthu amagwedeza mutu mwaulemu, akafika kuchitsime n'kukaseka: “Shuga wake uti?” Aliyense wa kachilombo amati ndi shuga, ndiye wa shuga weniweni amaoneka wabodza. Ena amati shuga ndi matenda a mabwana odya zonona, nanga mayi wogulitsa matemba pa thumba angautenge kuti? Koma chachikulu chinali mantha. Ndinkaopa kuti akamva kuti ndili ndi matenda osachira, azilamu anga ayamba kuwerengera za kutsogolo: adzamusamala ndani, adzamunyamula ndani, kodi si bwino apite akadwalire kwawo? Ndinaona kuti bola ndife ndi chinsinsi changa kusiyana n'kuti andione ngati katundu.

Koyamba kukana thobwa kunali pa maliro a gogo wina wa kutsidya kwa njanji. Ndowa itafika pamene tinakhala, ndinati, “Iyayi, zikomo, ndakhuta.” Mayi wotungayo anaima kapu ili m'manja, ngati wamva chilankhulo chachilendo. Kachiwiri kunali kumunda kwa alamu aang'ono, tikuthandizana kupalira. Kachitatu kunali pakhomo pa alamu aakulu penipeni, ndipo ananditungira ndi dzanja lawo. Ndinanama kuti m'mimba simuli bwino. Anangobwezera thobwalo mumtsuko.

Apa ndi pamene akatswiri a ku Utale anayamba ntchito yawo. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera kudzandifunsa kuti chavuta n'chiyani. Anakhala pansi n'kulumikiza okha: mwamuna wafa, palibenso chomumanga, Chichawa chake chabwerera. Achimwene ake amuuza pa foni kuti mapoto athu ndi odetsedwa chifukwa anaphikidwamo nkhumba. Umboni unalipo wokwanira, chifukwa n'zoona kuti ndinali nditayamba kuswali kasanu osadumphitsa, ndipo mpango sunkachokanso kumutu. Iwo ankaona kudzikweza, pamene ine ndinkangopempha Mulungu kuti ndisachite khungu.

Nditamva kuti akunena zimenezi, m'malo moti ndikawafotokozere, ndinayamba kuwazemba. Ukapanda kudutsa pakhomo pa munthu, sakutungira kanthu. Ndinasiya kupita kuchitsime nthawi ya anthu, ndinasiya kuyala matemba kumsika, kenako ndinasiya ngakhale kusesa pabwalo. Ndinkatseka chitseko dzuwa lili pamutu n'kukhala pamphasa, ndikuyang'ana khoma. Nandolo anauma m'munda mpaka kuthetheka yekha, ine ndikumumva. Sikuti thupi linali litalephera, ayi, mtima ndiwo unali utakana. Ndinkadana ndi thupi langa chifukwa chondichitira chiwembu, ndinkadana ndi anthu chifukwa chosafunsa, ndipo akanafunsa ndikanadana nawonso. Mapilitsi atatha sindinapitenso ku Balaka kukatenga ena. Ndinkati adzandichiritsira ndani? Masiku ena ndinkalakalaka nditangogona osadzukanso, ndipo ndinkaziganiza zimenezi mosatekeseka, ngati mmene munthu amaganizira zokagaitsa.

Tsiku lina zitandikwana ndinaimbira foni achimwene anga a ku Chiuta, munthu mmodzi yekha amene ndinamuuza zoona. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, “Chemwali, ife tinanena kalekale. Zaka zonsezi mukudya m'mbale za makafiri, mumati thupi likhala bwanji? Bwererani kuno, mudzafere pakati pa anthu oswali.” Onani nzeru za mwana wa mayi anga! Ku Utale akuti ndikukana mbale zawo, ku Chiuta akuti ndadwala chifukwa cha mbale zomwezo. Ndinadula foni asanamalize duwa, pemphero limene anayamba kundiwerengera.

Patapita milungu ingapo, m'mawa wina ndinamva “odi” pakhomo. Nditatsegula ndinaona alamu aakulu ndi amayi ena atatu, atavala nsalu zawo zabwino ngati akupita kuchinkhoswe. Mmodzi anasenza poto wamkulu wonyezimira, pepala la kusitolo likadali lomata pambali. Wina ananyamula kapu yatsopano ya pulasitiki, yofiira. Anakhala pakhonde, tinapatsana moni mmodzimmodzi, ndipo alamu anayamba kulankhula mofatsa kuposa mmene ndinawamverapo.

“Alamu, ife takhala tikuona. Sitikukuimbani mlandu ayi, chipembedzo ndi chipembedzo. Ngati mapoto athu akukukayikitsani, ndiye tagula uyu. Sanaphikidwemo kanthu chiyambire, onani pepala lake. Chimera tagula kwa mayi wina wachisilamu wa kumsika, ndipo wophika ndine ndemwe, ndinasamba m'manja ndi sopo watsopano. Kapu iyi ndi yanu nokha, wina sadzamweramo. Shuga sitinaumire, tathira mapaketi awiri athunthu.”

Mayi wina anawonjezera kuti, “Taonani mmene mwathera, amayi inu. Munthu wosamwa thobwa mphamvu angazitenge kuti?”

Anavundukula potoyo. Ndinamva fungo la thobwa labwino, lofiirira, lokhuthala, loti ukamwa milomo imamatana. Kabuku ka kuchipatala kanali pansi pa mphasa kuseri kwa chitseko, pamtunda woti ndikanangotambasula dzanja. Mawu oti ndinene anali ochepa: ndili ndi shuga, ichi chindipha. Mwana woyamba kumene kulankhula akanatha kuwanena. Koma ndinayang'ana nkhope za amayi anayi amene anayenda mpaka kusitolo chifukwa cha ine, atandiganizira zolakwika ndi mtima wawo wonse, ndipo ndinaona kuti ndikakana kapu iyi ndiye kuti ndakana mudzi. Ndinalandira ndi manja awiri, ndinamwa mpaka m'munsi, n'kunena kuti latsekemera. Anaomba m'manja, wina mpaka analuluta. Alamu anatunganso.

Potoyo anamusiya, ndipo alamu ankabwera m'mawa uliwonse kudzakhala nane kuti ndisamwe ndekha. Ankabwera ndi kapu yawo kuti asadetse yanga. Tinkacheza za mvula, za ana, za malemu mchimwene wawo, ndipo ndisaname, masiku amenewo ndinasangalala kuposa miyezi yonse ya m'mbuyomo. Ndinkamva mutu ukuzungulira, lilime likuuma, maso akuona anthu awiriawiri, koma ndinali ndi munthu pakhonde panga. Tsiku lachitatu iwo atachoka, ndinaimirira kuti ndikatsuke makapu, ndipo zimene zinachitika pambuyo pake ndinachita kuuzidwa. Akuti anandipeza chakumasana nditagona chafufumimba pafupi ndi thandala la mbale, ndikupuma ngati mbuzi yothamangitsidwa.

Ndinatsitsimukira kuchipatala, botolo la madzi lili pamkono. Alamu anali atakhala pansi m'mbali mwa bedi. Pokonza zovala zoti abwere nazo anali atapeza kabuku kaja, ndipo anakapereka kwa namwino osadziwa kuti mwalembedwa chiyani, poti sukulu sanapite nayo patali. Namwinoyo anali wa pakamwa pakuthwa, mmodzi mwa aja amene amaona ngati kukalipa ndi gawo la mankhwala. Anawerenga, n'kufunsa kuti wodwalayu wadya chiyani masiku amenewa. Alamu anayankha monyadira kuti thobwa, lophika iwo eni.

“Thobwa? Munthu wa shuga? Masiku atatu? Mayi inu, ngati mumafuna kumupha bwanji osangomupatsa tameki? Anthu akumudzi inu mudzamva liti?”

Wodi yonse inatembenuka. Alamu, mayi amene amuna akuluakulu amatsitsa mawu akamalankhula nawo, anangoima manja ali kumbuyo, akukalipiridwa ndi mwana wa msinkhu wa mdzukulu wawo. Sanadziteteze. Sananene kuti sankadziwa. Ine ndinali maso, ndinamva zonse, ndipo ndinatsinzina n'kunamizira kuti ndikadali chikomokere. Pa zonse zimene ndachita pamoyo wanga, chimenechi ndicho chimandinyansa kwambiri.

Anandidikirira mpaka tsiku lotuluka. Ankandiphikira mgaiwa ndi masamba kukhitchini ya odikirira odwala, ankandichapira, ankandiperekeza kubafa, koma mawu awo kwa ine anali awiri okha: “idyani” ndi “dzukani.” Pobwerera tinakhala mpando umodzi m'galimoto, aliyense akuyang'ana kwake.

Nditapezako mphamvu ndinapita kwawo kukapepesa. Ndinawapeza akusenda nandolo, ndipo nditayang'ana bwino ndinazindikira kuti ndi wa m'munda mwanga, amene anatuma anthu kukatola wotsala kuti asawonongeke yense. Ndinakhala pansi n'kuyamba kufotokoza za mantha anga, za anthu a kuchitsime, za kuopa kubwezedwa kwathu. Anandisiya ndilankhule mpaka ndinatha mawu, manja awo osaleka kusenda.

“Mwamaliza, alamu?” anatero. “Ife tinalakwa, tinakuganizirani zimene kulibe. Koma ife tinabwera nazo pakhomo panu masana, n'kuzinena pamaso panu. Inu munatiganizira kuti tingathamangitse munthu chifukwa wadwala, ndipo munazisunga mumtima chaka chathunthu. Mchimwene wanga anadwala zaka zingati pano, tinamutaya kuti? Munaona kuti n'kwapafupi kuti ine ndikupheni ndi dzanja langa kusiyana n'kundiuza mawu amodzi. Mukanafa, ine ndikanakhala ndani pamudzi pano?”



Sanandithamangitse. Nyumba ndikadali nayo, munda ndikulimabe. Mapilitsi ndimakatenga mwezi ndi mwezi, ndipo kubenchi kuja ndinapezako anzanga awiri a ku Machinga amene timadandaulirana m'Chiyao mlangizi akamaonetsa maapozi ake. Mudzi wonse tsopano ukudziwa za shuga wanga, ndipo aliyense wasanduka dokotala: uyu akuti ndizimwa madzi a therere, uyo akuti masamba a nimu, winanso akuti apongozi ake anachira ndi makungwa a mango. Ana akandiona ndikugula tomato amakanena kunyumba. Ndinkaganiza kuti pakapita miyezi zonse zibwerera mwakale.

Maliro oyamba chichokereni kuchipatala anagwa nyengo yokolola. Ndinadzuka m'mamawa, ndinamanga nsalu yantchito, ndinatenga mpeni wanga wodulira masamba n'kulunjika kuseri kwa nyumba ya siwa, kumene amayi anali atasonkha kale moto. Alamu anali pakati pawo akugawa ntchito monga mwa nthawi zonse. Atandiona anandipatsa moni waulemu kwambiri, n'kuuza mayi wina kuti, “Alandireni mpeniwo, angadzicheke, mabala a anthu a shuga sapola. Muwapezere pokhala pamthunzi.”

Mayiyo anandilanda mpeni mokoma mtima, anandigwira pamkono n'kundizungulitsa nyumba mpaka kumaso, pansi pa mtengo wa mango. Pamenepo panali mipando inayi yapulasitiki imene amasungira anthu ochokera kutali, aja amene amafika ndi galimoto, kupepesa, n'kubwerera dzuwa lisanalowe. Anapukuta umodzi ndi nsalu yake n'kuti, “Khalani apa, amayi, musavutike ndi kanthu.” Kuseri ndinkamva anzanga akukangana za nkhuni, wina akuseka, alamu akuitana mayina mmodzimmodzi. Bambo amene anakhala pafupi nane, wa jekete ndi nsapato zopolisha, anawerama n'kundifunsa mwaulemu kuti, “Nanga amayi mwachokera kuti?”